Kayembe wa Chez Ntemba anatiwerenga bwino anthu a mu Lilongwe

Anthu a msinkhu wanga tikayamba kukumbutsana za Lilongwe wakale, nkhani imayamba mwaulemu. Wina atchula mabasi a UTM, wina sitolo za Kandodo ndi PTC, wina mtengo wa buledi. Koma dikirani pang'ono, botolo lachiwiri likangotsegulidwa, onse aja mumawapeza afika ku Area 47 usiku, ndipo dzina limene limatuluka pakamwa pa aliyense ndi Chez Ntemba, malo ovinira aja. Ngakhale amene lero ndi akulu a mpingo amayamba ndi kutsokomola, kenako n'kunena kuti iwo ankangoperekeza anzawo.

Maganizo anga ndi akuti Augustin Kayembe, mkulu wa ku Congo mwini dzina limeneli, anaumba nawo mzinda uno m'njira imene sitifuna kuivomereza masana. Tili ndi misewu ya mayina a atsogoleri, mpaka Paul Kagame ali ndi wake. Sindikunena kuti khonsolo ipereke msewu kwa mwini malo ovinira, ayi, abusa angatithe. Ndikungoti mbiri ya Lilongwe tikaikamba ngati ya Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo yokha, ndiye kuti tasiya theka lake panja.

Achinyamata a lero sangamvetse chifukwa chimene malo ngati amenewa anatigwirira mtima chonchija, pokhapokha atadziwa kumene tinkachokera. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Kunabwera makalaliki, aphunzitsi, asilikali, anamwino, ambiri a iwo anyamata ndi atsikana a malipiro a pamwezi, makolo ali kutali kumudzi. Koma mzindawo anaumanga momwazika, Area iyi apa, tchire pakati, Area ina uko. City Centre ikakwana 5 koloko madzulo inkangoti zii. Ofuna phokoso ankatsikira ku Old Town, ku Devil Street, kapena ku mataveni a Chibuku. Amene thumba linali lolemerako ankapita ku mahotela kumene kunkaimba mabandi.

Ndiye panali lamulo la kavalidwe la 1973. Mkazi sankaloledwa kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo, mwamuna tsitsi lalitali ayi. Ayufi ndi Apayoniya anali paliponse, kufunsa khadi la chipani pakhomo la msika. Anthu ankavina ndithu, musamve ngati dziko linali pamaliro, koma munthu unkamwa diso lili kwa amene wakhala pambali pako. Mowa umamasula lilime, ndipo lilime lomasuka masiku amenewo linkasowetsa munthu.

Kenako 1993, riferendamu ya mu June, lamulo la kavalidwe lija n'kuchotsedwa, 1994 boma n'kusintha. Za ndale za nthawi imeneyo zinalembedwa kale zambiri. Zimene sizinalembedwe n'zakuti matupi a anthu nawonso ankafuna kumasuka. Atsikana anagula majinzi pa kaunjika. Makaseti a ku Zaire, Congo wa lero, anadzaza msika, kwasakwasa ya Kanda Bongo Man ndi anzake inalowa m'nyumba iliyonse, ndipo zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto ndombolo inafika n'kutimaliza. Chilingala sitinkachimva, koma tinkaimba nawo mokweza, mawu opotoka, opanda manyazi.

Apa m'pamene nzeru za Kayembe zinaonekera. Mowa aliyense ankagulitsa. Green wa Carlsberg anali yemweyo kaya pa golosale ya ku Kawale kaya ku hotela, wochokera ku fakitale imodzimodzi ya ku Blantyre imene inatsegulidwa mu 1968. Iye ankagulitsa bwalo lovinira. Zimasipika zomveka mpaka m'chifuwa, magetsi, DJ wodziwa nthawi yotsitsa rumba yozizira kuti anthu agwirane ndi nthawi yoponya sebene, gawo lothamanga la nyimbo, kuti nsapato zivuke. Ndipo magalasi aja. Amene analowamo akudziwa zimene ndikunena: bambo wamkulu, wa tayi, wasiya mnzake wovina naye, wayang'anizana ndi galasi, akudzisirira yekha mmene chiuno chikuyendera. Poyamba tinkaseka kuti n'zachikongo. Pasanapite nthawi tonse tinali pamzere womwewo.

Chinanso chimene anachita, chimene mpaka pano chimandigometsa, ndi kufalitsa dzina limodzi m'mayiko ambiri. Chez Ntemba unkaipeza ku Lusaka, ku Kinshasa, ku Johannesburg, ku Windhoek, ku Blantyre ndi kuno ku Lilongwe. Dalaivala wa thiraki kapena mayi wa geni yodutsa malire akafika mumzinda wachilendo, akangoona chikwangwanicho ankadziwa kuti mkatimo mukhala zotani. Ndipo oimba a ku Congo ali ndi chizolowezi chotchula mayina a anthu otchuka ndi olemera pakati pa nyimbo. Dzina la Kayembe ndi la Chez Ntemba linkamveka m'menemo. Tangoganizani: uli mkati movina, nyimbo yojambulidwa ku Kinshasa kapena ku Paris ikutchula dzina la malo amene waimapo. Kwa mwana wa ku Mchesi amene sanakwerepo ndege, zimenezo sizinali zazing'ono. Panalibe Facebook, TVM inadzayamba mu 1999, koma mkuluyu malonda ake ankaulutsidwa m'minibasi iliyonse ya kaseti.

Ndamvapo ena akunena kuti anthu ngati amenewa anangobwera kudzakolola ndalama za Amalawi. Ine funso langa limakhala lakuti, nanga ife anatiletsa ndani? Malo ovinira a eni dziko analipo ambiri, ena okongola kuposa apo potsegulira. Vuto lathu timalidziwa. Chaka choyamba zonse zili bwino. Chachiwiri mwini wake wagula minibasi ndi munda wa fodya kuchokera m'kabati ya bala, sipika imodzi yaphulika osakonzetsa, chimbudzi chatsekeka, pakaunta aikapo mlamu wake amene sadziwa kumwetulira. Chachitatu pakhomo palembedwa dzina la tchalitchi. Malo angati mu Lilongwe muno amene tinavinamo lero muli mapemphero a usiku kapena sitolo ya matayala? Kusangalatsa anthu ndi ntchito yofuna kuisamala tsiku lililonse, koma ambiri a ife tinkaiona ngati pongodutsira popita ku bizinesi "yeniyeni".

Ndipo si mwini malo yekha amene ankadyerapo. Pitani pa Bwandilo, ku Area 47 komweko, lero, muwerenge anthu amene usiku umawadyetsa: ootcha kanyenya, ophika mang'ina, a tchipisi, a matakisi, alonda a magalimoto, anyamata ogulitsa ndudu ndi mayunitsi. Pali ana amene anaphunzira mpaka ku koleji ndi ndalama za nyama yootcha ya 2 koloko m'bandakucha. Mu 2020, Covid itachititsa kuti boma lichepetse maola a malo omwera, ndi anthu amenewa amene anayamba kulira, osati ife okumwafe.

Komabe sindifuna kukometsa zonse, chifukwa ena mukuwerenga pano ndinu ana a anthu amene usiku unawadya. Zaka zomwezo zimene tinkathyola dansi ndi zimene Edzi inkakolola anthu mopanda chisoni. Matendawa anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, koma nthawi ya Kamuzu sankakambidwa poyera, ndipo ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Pakati pamenepo panagwa anthu. Lachisanu muli limodzi pabwalo, pakatha miyezi ingapo mukumuona waonda, kolala ya shati yakula, aliyense akuti "akudwaladwala", kenako mukukwera lole kuperekeza maliro ku Dedza kapena ku Ntcheu. Tikamatchula mayina a malo akale, timatchulanso mayina a anzathu, ndipo pagulu la anthu amene ndinkayenda nawo otsala ndife ochepa. Panalinso amayi amene ankadikira pakhomo pa 28, malipiro atathera ku mabotolo, lendi osalipira. Mlandu umenewo sindingausenzetse mwini malo aliyense, pakuti palibe amene anakokedwa ndi chingwe. Koma amene amati kale zonse zinali bwino, mwina anali mwana, mwina waiwala dala.

Chimene ndimachisowa ine n'chakuti bwalo lija linkasakaniza anthu. Ukalipira pakhomo, basi. Bwana wa ku Capital Hill, makanika wa ku Biwi, mzungu wa bungwe, wophunzira wa ku Bunda amene wathawa ku hostel ndi ndalama ya buku, onse thukuta limodzi. Ulemu unkapita kwa wodziwa kuvina. Mesenjala ankatha kulanda bwalo lonse, bwana wake ataima pambali akuomba m'manja, Lolemba n'kukakumana ku ofesi ngati palibe chinachitika.

Lero pitani kokasangalala muone. Anthu akhala m'magulu, aliyense ndi tebulo lake, botolo lodula pakati kuti ena alione, maso pa foni. Ena safika n'komwe mkati, amangotsegula buti ya galimoto panja, kutulutsa cooler box, aliyense nyimbo zake, phokoso losamveka mutu. Ndipo ndimawamvetsa pang'ono achinyamatawa. Ife tinkavina mopusa podziwa kuti zithera pomwepo. Iwo akangoti alakwitse sitepe, m'mawa kukucha ali kale pa WhatsApp ya kuntchito ndi ya kumpingo. Ndani angayang'anizane ndi galasi mwaufulu pamene kumbuyo kwake kuli makamera makumi awiri? Amapiano ndi nyimbo zabwino, sindikutsutsa, ndipo oimba athu akumveka m'malo ovinira kuposa mmene zinalili kale, pamene DJ ankaika nyimbo ya Chimalawi ngati akuchita chifundo. Pamenepo pokha zinthu zapita patsogolo.

Pempho langa lipite kwa ma DJ akale, mabawunsa ndi amene munkagwira pakaunta, amene mudakali moyo. Inu ndi amene mukudziwa kuti malo ati anatsegulidwa liti, bandi iti inkaimba kuti, woimba uti wa ku Congo anabwera chaka chiti. Lembani, kapena uzani mdzukulu akujambuleni mawu. Amene muli ndi zithunzi m'maalubamu zitulutseni, nkhope za amene pano ndi madikoni mukhoza kuziphimba.

Ndikudziwa kuti a ku Blantyre mwayamba kale kulemba kuti usiku weniweni unali kwanu, ku Chisakalime ndi ku Kamba, ndipo kuti Lilongwe unali mudzi chabe wokhala ndi magetsi. Bwerani nazo, koma mubwere ndi mayina a malo ndi zaka zake, osati phokoso lokha.