Milatho yakale yachitsulo isamagwetsedwe isanathe

Maganizo anga ndi akuti milatho yakale ya m'misewu ya kumidzi, ija yolukidwa ndi zitsulo zopingasana m'makona atatu, yambiri imaphwasulidwa ikadali ndi mphamvu. Chimene chimaidya kwenikweni ndi madzi ndi matope ongosiyidwa pamalo olakwika.

Taonani mlatho wa kalukidwe ka Pratt, kamene kanalembetsedwa ku America mu 1844. Zitsulo zoimirira zimapanikizika, pamene zopendeka zimakokeka, n'chifukwa chake zopendekazo zimakhala zowonda. Chilichonse chili ndi katundu wake. Pa milatho yambiri yotere, chimodzi chikaduka palibe chinzake choti chilandire katunduyo, ndipo mlatho wonse ukhoza kugwa.

Dzimbiri loopsa limabisala kunsi: pa chitsulo cham'munsi choyenda m'litali, m'mfundo momwe zitsulo zimakumana, ndi pamene mlatho wakhalira pa zipilala. Masamba ndi dothi zikaunjikana pamenepo, chinyezi sichichoka. Dzimbiri likalowa pakati pa zitsulo ziwiri zophatikizana limafufuma, n'kuzikankha mpaka mitu ya mariveti, misomali yonenepa yolumikiza zitsulozo, kuthothoka. Woyendera mlatho agogode riveti iliyonse ndi hamala yaing'ono, chala chili mbali ina ya mutuwo. Yolimba imalira kuti ngwee, yomasuka imanjenjemera pachala. Kutsuka malo amenewa ndi madzi kamodzi pachaka n'kotchipa, koma ndi ntchito imene imaiwalika koyamba, ndipo zimandiwawa.

Mlatho umafutukanso. Wa mamita 30 umatalika ndi mamilimita pafupifupi 14 kutentha kukakwera ndi madigiri 40 a Celsius. Mbali imodzi inapangidwa yoti izitsetsereka. Ikagwirana ndi dzimbiri, mphamvu ija imakankha chipilala, miyala n'kuyamba kung'aluka.

Tsono pali zolakwika ziwiri zimene anthu amachita poganiza kuti akukonza. China ndi kuthira phula pamwamba pa matabwa. Phula lokhuthala masentimita 5 pa mlatho wa mamita 30 m'litali ndi 4 m'lifupi limalemera matani pafupifupi 14, katundu wosatsika usana ndi usiku, komanso limasunga chinyezi m'matabwamo. Chinacho ndi kuwotcherera. Chitsulo chosula cha m'zaka za m'ma 1800 chili ndi mitsempha ngati thabwa, ndipo chikawotchereredwa mosasamala mng'alu umayambira pomwepo. Riveti yotha ichotsedwe, pabowopo palowe bawuti lolimba, imodziimodzi, osati mzere wonse nthawi imodzi.

Popala penti samalani, yakale nthawi zambiri imakhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni. Yalani zotchinga kuti zopalidwazo zisagwere mumtsinje, opalawo avale zophimba mphuno.

Milatho imeneyi inamangidwira ngolo, osati malole amchenga. Injiniya awerengere kulemera kumene ungasenze, chikwangwani chiikidwe, ndipo poti madalaivala ena sachilabadira, pakhalenso mpiringidzo wachitsulo cham'mwamba mbali zonse ziwiri, woti galimoto yaitali isadutse.