Granite sapaka penti, chonde

Koma abale zinthu zina zimangokuwawa mumtima ngakhale nyumbayo si yako. Lero ndadutsa pa nyumba ina yayikulu ndithu, khoma lonse lakutsogolo ndi la mwala wa granite, wotuwa uja wa timadontho takuda ndi tina tothwanima dzuwa likawomba, ndiye ndapeza anyamata ali pamakwerero ndi marola akupaka penti. Penti wa kirimu. Pa granite. Ndinaima kaye kuti mwina akupaka pamwamba pokha pomwe pali pulasitala, koma ayi, rola ikuyenda pamwala penipeni, mbali ina yatha kale moti sungasiyanitse ndi khoma la mabuloko a simenti. Ndafunsa mmodzi kuti achimwene zikuchitika apazi ndi chani, akuti abwana anena kuti mwalawu wada, pakufunika paoneke patsopano. Eti paoneke patsopano. Mxiii.

Granite sapaka penti. Mwala ukada amatsuka. Madzi, sopo, bulashi, ngati litsiro lakanirira pali mashini aja opopera madzi mwamphamvu, basi nkhani yatha. Anyamata aja sindikuwanena, iwo angotumidwa ndipo akufuna ya tsikulo, vuto ndi amene anakhala pampando nkusaina kuti kaguleni zigubu za penti tikaphimbe mwala. Kaya ndi kusadziwa kaya pali wina akudyapo pa kontirakiti ya pentiyo, izo akudziwa okha.

Mukudziwa chimene mukuphimbacho koma? Mwala umene uja unapangika pansi penipeni pa nthaka, chiphalaphala chotentha chikuzizira pang'onopang'ono osathamanga, ndiye chifukwa chake timibulu take ndi tikulutikulu toti umationa ndi maso, quartz wooneka ngati galasi, feldspar amene amaupatsa mtundu woyera kapena wa pinki uja, ndi mica yothwanimayo. Mtundu wake suli pamwamba pokha ayi, ukauswa pakati ukapeza womwewo, ukauswanso womwewo mpaka kachidutswa komaliza. Sutuwa ndi dzuwa, sukokoloka ndi mvula. Ndiye munthu akutenga chinthu choti mtundu wake unabadwa nacho nkuchimata ndi kachikopa kopyapyala koti mwana atha kukanda ndi kiyi. Mutu ukugwira bwinobwino?

Pa sikelo ya Mohs imene amayezera kulimba kwa miyala, yoyambira pa 1 mpaka 10 pomwe pali dayamondi, granite amakhala pakati pa 6 ndi 7. Marble amene anthu amamutamayo ali cha pa 3 basi, ndipo asidi pang'ono amamudya. Mpeni wamba ukaukwecha pa granite chimene chimabuntha ndi mpeniwo. Kiyubiki mita imodzi imalemera pafupifupi matani 2.7, tangoganizani, anthu anakauphwanya kumgodi, kuudula ndi macheka a dayamondi, kuusalaza, kuukweza pagalimoto, amisiri nkuuyala umodziumodzi mpaka misana kupweteka, mwini woyamba analipira zonsezo, lero wina wangodzuka mmawa nkuti ndikufuna kirimu. Ngati mumafuna khoma la kirimu bwenzi mutangomanga la njerwa, kumata pulasitala, kupaka mtundu uliwonse mwakonda palibe akanakufunsani. Koma granite sapaka penti.

Ndipo sikuti pentiyo akhalitsa. Granite samwa madzi kwenikweni, ndiye penti alibe pogwira, makamaka ngati mwala wake ndi wosalazidwa uja amangokhala pamwamba. Chinyontho chimalowera mmizere ya simenti pakati pa miyala, kale chimatha kutuluka chokha khoma likauma, pano mwachitsekera mkati, chiyamba kukankha penti, matuza, kenako kusupuka zigambazigamba. Pakutha mvula zingapo khoma lija lizaoneka loipa kuposa litsiro lomwe mumalithawalo, ndiye muzapakanso, nkuzapakanso, ntchito yosatha mwaiyamba nokha pa khoma lomwe silimapempha kanthu. Tsiku lomwe wina wanzeru azafune kuchotsa pentiyo pazafunika mankhwala osungunulira kapena kupopera mchenga, ndipo mchengawo umadya nkhope ya mwala, kusalala kuja sikubwerera pokhapokha ausalazenso. Mwawononga kawiri. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, akulu anatero, nanga ndionjezerenso chani pamenepo.

Taonani anzathu. Ku Aberdeen ku Scotland mzinda wonse umadziwika ndi granite wotuwa, kuli chinyumba cha Marischal College chomwe chili mgulu la nyumba zazikulu kwambiri za granite padziko, chinada bii ndi utsi wa zaka zambirimbiri. Anachipaka penti? Anachitsuka, pomachitsegulanso mu 2011 mwala unali utayera mbee. Kutsuka basi. Makoma a Great Zimbabwe ndi granite woyala popanda simenti kapena chomatira chilichonse, malo ena kutalika mpaka mamita 11, anamangidwa zaka mazanamazana zapitazo ndipo anthu mpaka lero akukwera ndege kukaona mwala wosapaka kanthu. Ku Egypt chipinda cha mfumu mkati mwa piramidi yayikulu ya Giza anachimanga ndi granite wochokera ku Aswan, mtunda wa makilomita oposa 800 pa mtsinje wa Nile, zaka zoposa 4,500 zadutsa mwala uli nji. Inuyo penti wanu wa kirimu azafika chaka chachisanu? Ndikufunsa.

Chondiseketsa koma chondipweteka nchoti pomwe ena akuphimba granite weniweni, ena ali kalikiliki kugula matailosi ojambulidwa timadontho kuti anthu aziti ndi granite, kulinso penti wopopera wa timadontho woti khoma la simenti lizinamizira mwala. Wopanda akunamizira kuti ali nawo, amene ali nawo akubisa. Ineyo izi sindizimvetsa ndipo musandiuze kuti aliyense ali ndi makonda ake, makonda ndi kusankha makatani, osati kupha mwala. Wina anena kuti nyumba ndi yake ndalama ndi zake iwe zikukukhudza bwanji, ee ndi yake, koma khomalo tikuliona tonse, ndipo mwini amasintha, mwala umatsala. Wobwera pambuyo ndi amene azavutike kupala utoto wanuwo.

Inu amisiri nanunso, bwana akakuuzani zolakwika pakamwa pamatseguka. Mungomuuza kuti bwana apa sitipaka, tipatseni bulashi titsuke kagawo kamodzi muone. Kagawo kamodzi kokha akaona mmene kawalira asintha maganizo yekha. Ntchito si kungovomera kuti chabwino bwana chilichonse, munthu waluso amakana zina. Granite sapaka penti, sapaka laimu, samata pulasitala, muzimusiya apume.

Ndili pompano ndinenenso za ena aja odula granite ndi girayinda mouma, fumbi lili kobo, nkhope yonse yoyera, pamphuno palibe kanthu kapena wangomanga kasanza. Fumbi limene lija ndi la silica, tizidutswa tating'onoting'ono ta quartz uja, likalowa mmapapo silituluka, limabweretsa matenda a mapapo otchedwa silicosis ndipo matenda amenewo alibe mankhwala ochiza, munthu umangoyamba kubanika pang'onopang'ono. Ku Australia anafika poletsa mwala wopanga kufakitale uja wa engineered stone kuyambira July 2024 chifukwa anyamata odula amadwala ali aang'ono, granite silica wake ndi wochepa poyerekeza ndi umenewo koma sikuti ndi fumbi loti uzipuma tsiku lonse. Amadula ndi madzi, madzi azithira pa bledi nthawi zonse, ndi masiki eniyeni osati ka nsalu. Bwana amene akukupatsa girayinda osakupatsa masiki ndi paipi ya madzi ameneyo sakukufunira zabwino, iyeyo ali mu ofesi fumbi ukumeza ndiwe.