Tchaja kulowa pabowo sindiye kuti ndi yake

Abale anga oyendetsa galimoto, lero ndili nanu inu amene muli ndi jump starter, kabokosi kaja kolizira galimoto batire likafooka. Tchaja yake ikasowa, ambiri amangokaponya kabokosiko m'kabati kuti tidzaona, ena amatola tchaja iliyonse yomwe ili pafupi bola mutu wake ulowe pabowo. Njira zonse ziwirizi zimapha kabokosi, ndipo yachiwiriyo ikhoza kubutsa moto m'nyumba. Paipi ya petulo imalowa bwinobwino pathanki ya galimoto ya dizilo, koma palibe amene amati poti yalowa ndiye thirani. Nanga pa tchaja timapepukiranji mtima chonchi?

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa kabokosi aka si kodzionetsera. Kale batire likagona tinkangoitana anyamata, giya thu, kankhani, galimoto n'kulira. Zimene zadzaza m'misewu pano ndi zochokera ku Japan, zotsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe: ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ma Note, ndipo zambiri mwa izo ndi za otomatiki. Otomatiki mungaikankhe kuchokera pa Lunzu mpaka pa Zalewa, siilira. Ndiye taganizirani mayi amene galimoto yamukanira usiku potuluka kuntchito, kapena munthu amene wagona pamaliro kumudzi komwe galimoto ndi yake yokhayo, nyali zinatsala zoyaka. Zingwe zojampira zimafuna galimoto ina. Kabokosika sikafuna munthu. Koma kayenera kukhala kodzaza, ndipo kudzaza kwakeko n'kumene kwagona pa tchaja.

Mmene imasowera tonse tikudziwa. Magetsi akazima kabokosi kamalowa m'nyumba kukakhala tochi, mafoni a banja lonse n'kumayamwa pomwepo. Tchaja imasiyana ndi kachikwama kake, wina waibwereka, wina waisakaniza ndi mawaya akale m'dirowa, basi yapita.

Musanapite kumsika, tembenuzani kabokosiko. Kunsi kapena m'mbali muli timalemba ting'onoting'ono, ndipo mawu ofunika ndi amodzi okha: INPUT. Pamenepo pamalembedwa mavolti ndi ma ampu, monga 5V 2A, kapena 14V 1A, kapena 15V 1A. Manambala akuluakulu a kutsogolo aja, 1000A kapena 20000mAh, alibe gawo pa nkhani ya tchaja. Amenewo akunena za mphamvu yolizira injini ndi kukula kwa batire la mkati. Jambulani malembawo ndi foni, muwakuze, muwerenge modekha. Yang'ananinso mabowo. Timabokosi tambiri tili ndi mabowo awiri ozungulira ofanana ndithu, lina lolowera magetsi, lina lotulutsira, ndipo ena otulutsirawo amapereka mpaka 19V yopatsira laputopu. Tchaja malo ake ndi pomwe palembedwa IN.

Ngati palembedwa 5V ndipo bowo lake ndi longa la foni, micro USB kapena USB-C, vuto lanu ndi laling'ono. Tchaja yabwino ya foni yotulutsa 2A ikwanira. Zija zopepuka ngati mulibe kanthu mkati zisiyeni, zimatentha n'kumachedwetsa. Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu: timabokosi tina totsika mtengo tili ndi bowo la USB-C koma sitilandira magetsi mukagwiritsa chingwe chokhala ndi mitu ya C mbali zonse ziwiri. Munthu amayesa kafa. Yesani chingwe chija cha mutu waukulu wakale mbali imodzi ndi C mbali inayo, nthawi zambiri kamadzuka.

Pamene pali ntchito ndi pa bowo lozungulira lija. M'nyumba zathu muli matchaja ambiri a mutu wozungulira: wa rauta, wa dikoda, wa wailesi, wa laputopu, wa nyali za sola. Mitu yake imafanana, koma zotuluka mkatimo n'zosiyana kutalitali. Mavolti ayenera kufanana ndi amene alembedwa pa kabokosi, osati kuyandikira. Tchaja za laputopu zambiri zimatulutsa 19V kapena 20V. Mukaipatsa kabokosi kofuna 15V, mukuwotcha kadera kamene kamayang'anira kutchaja, ndipo kaderako n'kamene kamaletsa batire la lithium kudya mopyola muyeso. Ndinakaona ka mlamu wanga katachitidwa zimenezi. Anagula tchaja pa benchi ina m'tauni, wogulitsa atamuuza kuti, "Bwana, iyi imagwira paliponse, taonani yalowa." Kunyumba nyali za kabokosiko zinayaka ngati zonse zili bwino. Patapita kanthawi pulasitiki inayamba kufuka kafungo, msoko wa m'mbali unatseguka moti chikhadabo chimalowa, ndipo ukakaika patebulo kamagwedera chifukwa mimba inali itatupa. Tchaja inali ya ndalama zochepa, kabokosi kanali ka ndalama zambiri, zonse zinapita.

Ena amati ndiye ndipatse yochepa, ya 12V ya dikoda, poti galimoto ndi ya 12V. Imeneyo kawirikawiri siwononga, koma siidzaza. Batire limene timalitcha la 12V likadzaza limakhala pa 12.6V kapena kupitirirako pang'ono, ndipo kuti magetsi alowemo, wopatsayo ayenera kukhala pamwamba pa wolandira. N'chifukwa chake altaneta ya galimoto imapereka cha m'ma 14V injini ikamalira. Ndiye mudzaona nyali ziwiri zayaka, yachitatu ikuphethira usiku wonse, inu n'kumati batire lakalamba pamene vuto ndi tchaja. Tsiku lofunika kadzangoti tcha tcha, injini osatembenuka.

Pa ma ampu m'pamene pali mpata. Ngati palembedwa 1A, tchaja ya 1A kapena 2A ya mavolti omwewo ili bwino, chifukwa kabokosi ka lithium kamatenga zimene kakufuna. Yochepera ndi imene imavutika: imatentha, imazimazima, mapeto ake imapsa.

Kenako pali nkhani ya pulasi ndi mainasi, imene pafupifupi palibe wogulitsa amene amaitchula. Pafupi ndi bowo, kapena pa tchaja yeniyeniyo, pamakhala kachithunzi ka kadontho kozunguliridwa ndi kachigamphu konga chilembo C, mzere wina ukupita pa + wina pa −. Kakukuuzani ngati pulasi ili pakati pa mutu kapena kunja. Zambiri pulasi imakhala pakati, koma osati zonse, ndipo mukatembenuza, zinthu zikhoza kupsa nthawi yomweyo osachenjeza. Mitu nayonso ili ndi saizi. Awiri ofala kwambiri ndi 5.5 x 2.1 mm ndi 5.5 x 2.5 mm, kunja n'chimodzimodzi, kusiyana kuli pa kabowo ka mkati. Wa 2.5 umalowa pamalo pa wa 2.1 koma umakhala wogwedera, magetsi n'kumadukaduka. Ndiye musapite kumsika chimanjamanja kapena ndi chithunzi chokha. Nyamulani kabokosiko.

Ndipo pitani kwa munthu amene ali ndi mita yoyezera magetsi. Okonza mawailesi ndi ma TV, komanso amakaniko a zamagetsi a galimoto, alipo m'tauni iliyonse, ndipo ambiri ntchito yawo amaidziwa. Ndinaimapo pa benchi ya mkulu wina wotere akuyesa tchaja zija zokhala ndi kaswitchi kosankhira mavolti. Anaika kaswitchi pa 15, n'kulowetsa kansonga kofiira ka mita mkati mwa mutu wa tchaja, kakuda n'kugunditsa kunja. Mita inaonetsa nambala yoyenera koma kutsogolo kwake kuli kamzere ka mainasi. Anazula kamutuko, n'kukatembenuza, n'kuyesanso, kamzere kaja kanachoka. Atatero anamata tepi pa kaswitchi ndi pa kamutu, n'kuuza mwini wake kuti, "Achimwene, ana asakasewerepo apa." Ntchito yosatha ndi mphindi zisanu zomwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine sindiona chamanyazi kulipira kangachepe kuti munthu akuyezereni.

Mbali ya kukhoma nayonso muione. Magetsi athu ndi 230V, pulagi ya mano atatu a makona ngati ya ku Britain. Tchaja yochokera ku UK ilibe vuto. Yochokera ku Joni mavolti ndi omwewo, kusiyana ndi mano ozungulira basi, adaputa imathetsa. Koma ku America magetsi ndi 120V, ku Japan ndi 100V, ndiye tchaja yobwera ndi achibale kapena yopezeka m'buti ya galimoto yongofika kumene muiwerenge kaye. Ikalembedwa 100-240V ndi yabwino kulikonse. Ikalembedwa 120V yokha, adaputa ya mano siisintha kanthu, ikhoza kuphulika mukangoyatsa soketi.

Amene muli ndi zibokosi zakale zolemera zija, za chogwirira pamwamba, zina zili ndi pampu ya matayala, zanu n'zosiyanako. Mkati mwake muli batire la mtovu lomata, osati lithium. Zina tchaja ili mkati momwemo ndipo chimene chasowa ndi chingwe cha kukhoma chokha. Zina zilibe kadera kanzeru mkati, tchaja yakunjayo ndi imene imachepetsa magetsi, ndiye apa lamulo lija loti ma ampu ochuluka alibe vuto silikugwira. Pezani yofanana ndi yoyamba, ndipo ikadzaza zulani, osaisiya pakhoma masiku.

Tsono za kukaponya m'kabati. Batire silidikira mwini wake. La mtovu likakhala lopanda moto kwa miyezi limauma mkati, silidzalandiranso bwino ngakhale mutapeza tchaja yeniyeni. La lithium likatsika kupyola malire ake, kadera koteteza kamatseka, ndipo kulikakamiza kudzuka n'koopsa. Opanga ambiri amalangiza kudzazanso pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono ngakhale simunakagwiritse ntchito. Ndiye tchaja ikasowa, ifunefuneni sabata yomweyo. Onaninso m'kachikwama: timabokosi tambiri timabwera ndi chingwe chachiwiri cholowetsa pa bowo la ndudu m'galimoto. Ngati chimenecho chilipo, mutha kumadzaza pa ulendo injini ikulira, pamene mukufunafuna ya kukhoma.

Chimene sindifuna kumva n'chakuti munthu wadula waya n'kulumikiza kabokosi ka lithium mwachindunji ku tchaja ya batire la galimoto kapena ku sola kudzera pa mano ojampira aja. Pamenepo mwalambalala chitetezo chonse. Moto wa lithium umayaka mwaukali ndipo utsi wake ndi woipa. Ngakhale ndi tchaja yoyenera, tchajirani pasimenti, osati pamatiresi kapena pampando wa nsalu, ndipo tsiku loyamba ndi tchaja yatsopano khalani pafupi, muzikakhudza. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino. Kutentha koti dzanja silikhalapo, zulani. Katupa kale? Katha ntchito. Osakaboola, ndiponso osakataya kudzala, poti ife zinyalala timawotcha ndipo ana amasewera pomwepo. Kaperekeni kwa okonza zamagetsi amene amasonkhanitsa mabatire akufa. Ndipo mwezi wotentha wa Okutobala ukamafika, makamaka inu a ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi ndi Karonga, musamakasiye pa dashibodi galimoto itatsekedwa padzuwa.

Kwa ogulitsa ndili ndi mawu. Ndikudziwa kuti malonda avuta ndipo kasitomala akabwerera osagula zimawawa. Koma kunena kuti "iliyonse imagwira" ndi bodza limene likhoza kuwotcha nyumba ya munthu amene wakukhulupirirani. Mita yoyezera si yodula poyerekeza ndi katundu amene ali pa benchi yanu. Gulani imodzi, phunzirani kuwerenga INPUT, ndipo ngati yoyenera mulibe, nenani kuti mulibe. Munthu woteroyo ine ndimabwererako ndipo ndimatumizako anzanga. Amene mumaitanitsa timabokosi timeneti kuchokera ku China kapena ku Dubai, itanitsaninso matchaja ake apadera. Mukudziwa kuti amasowa.

Kwa amene simunagule, maganizo anga ndi akuti sankhani kotchajira pa USB-C. Ku Ulaya, m'maiko a mgwirizano wa EU, kuyambira Disembala 2024, lamulo linakakamiza kuti mafoni, matabuleti ndi zida zina zing'onozing'ono zatsopano zikhale ndi bowo limeneli, ndipo zingwe zake sizivuta kupeza. Kabokosi kofuna tchaja yakeyake ya 15V kakhoza kukhala kotsika mtengo lero, koma kakumangirirani ku kachinthu kamodzi kovuta kupeza. Funsani za tchaja musanafunse za ma ampu a kutsogolo aja.

Amene tchaja yanu ikadalipo, tengani tepi yoyera ndi cholembera madzulo ano. Pa tchajayo lembani kuti ndi ya jump starter, pa kabokosi lembani mavolti, ma ampu, ndi mbali imene kuli pulasi, chifukwa timalemba ta kufakitale timafufutika ndi kukhuzika m'buti. Ngati anu anafufutika kale, fufuzani dzina ndi nambala ya mtundu wake pa intaneti, mabuku a malangizo a mitundu yambiri alipo. Zikakanika, pitani nako kwa wa mita akatsegule aone mtundu wa batire ndi kuchuluka kwa maselo ake, timabatire ting'onoting'ono ta mkatimo, musanalowetsepo chilichonse.