Nyumba ya Cliveden si ya 1666 ayi

Nkhani ina yati hotela ya Cliveden ku Buckinghamshire, m'dziko la England, inamangidwa mu 1666. Chakacho n'cha nyumba yoyamba, ya Duke of Buckingham, yomwe inapsa mu 1795. Yachiwiri nayo inapsa mu 1849. Imene alendo amagonamo lero ndi yachitatu, ya mu 1851, ndipo pulani yake anajambula ndi Charles Barry. Chotsala cha nyumba yoyamba ndi chikhonde chakumwera chija, choyang'ana mtsinje wa Thames. Banja la Astor linagula malowa mu 1893, n'kuwapereka mu 1942 ku National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale. Hotelayo yangobwera m'ma 1980.

Chimene olemba nkhaniyo sanatchule ndi ntchito yosamala nyumba zotere. Iyi ili m'gulu la Grade I, la nyumba zakale zotetezedwa kwambiri ndi lamulo, moti kuboola khoma kuti paipi ya kubafa idutse mpaka khonsolo ivomereze. Makoma akale anamangira laimu. Mukamatapo simenti, chinyezi chimasowa potulukira, pulasitala amatupa, njerwa n'kumanyenyeka. Choopsa kwambiri ndi ngalande za mtovu zobisika kuseri kwa kampanda ka padenga: masamba akazitseka, madzi amalowa m'mitanda, ndipo banga likamaoneka kusiling'i ndiye kuti matabwa anaola kalekale.