Makompyuta analowera khomo lakuseri

Nkhani yanu ya mmene makompyuta analowera m'mabanki mwailemba bwino, koma pomwe mwanena kuti makompyuta analowa m'mabanki kudzera pa ATM ya banki ya Barclays ku Enfield, dera la ku London, mu 1967, pamenepo sindikugwirizana nanu. Makina aja sanali olumikizidwa ku kompyuta ina iliyonse. Munthu ankalowetsamo kapepala kochokera kubanki, n'kulemba nambala yake yachinsinsi, makinawo n'kumulavulira mapaundi 10 basi. Barclays yomweyo inali itatsegula kale malo ake a kompyuta ku London mu 1961.

Chomwe chinawatopetsa eni mabanki mpaka kufuna makompyuta ndi macheke. Ku America m'zaka za m'ma 1950 anachuluka zedi, moti nthambi zinkatseka zitseko dzuwa likadalipo kuti ogwira ntchito apeze nthawi yosanja mapepala ndi kulemba m'mabuku. Bank of America inapempha bungwe lofufuza la Stanford Research Institute kuti lithandizepo, ndipo apo mpomwe panabadwira makina osanja macheke ndi kulemba maakaunti otchedwa ERMA, omwe kampani ya General Electric inawapanga n'kuyamba kugwira ntchito mu 1959. Manambala opindikapindika aja a m'munsi mwa cheke, osindikizidwa ndi inki ya maginito, anachokera ku ntchito imeneyo.

Chimandiwawa n'chakuti anthu amene ankasenza ntchitoyi, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana, simunawatchule n'komwe. Iwowa ndi amene ankadziwa mmene ndalama zimayendera m'mabuku, ndipo makinawo anabwera kudzatenga ntchito ya m'manja mwawo. Chonde mukadzalembanso, mudzatiuze kuti anapita kuti.