Kayezeni kaye galimotoyo pa sikelo musanalowe nayo m'chipululu

Kanema wina amene akuzungulira wandikwiyitsa kwabasi. M'kanemamo munthu wamanga yekha kanyumba kogonamo pa pikapu, makabati onyezimira, sola padenga, ntchito yooneka bwino ndithu. Ulendo woyamba womwewo walunjika pakati pa chipululu, akuti kukayesa. Chassis, chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto, yapindika pakati pa mutu wa galimoto ndi bodi, kanyumba kapendekera kumbuyo, ndiye mwiniwake ali kalikiliki kunyoza opanga galimoto. Ayi bambo! Mwanena nokha kuti galimotoyo simunaikwezepo pa sikelo. Vuto lonse lili pomwepo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galimoto imakhala ndi kachitsulo kapena kapepala, kawirikawiri pa felemu ya chitseko kapena pafupi ndi injini, kolembedwa GVM. Kumeneko ndiko kulemera konse kololedwa: galimoto, mafuta, anthu ndi katundu pamodzi. Pomwepo pamakhalanso malire a kulemera kwa pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala awiri) yakutsogolo ndi yakumbuyo. Manambala amenewa sanawalembe kuti akongoletse chitseko.

Werengani nokha. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 ndi makilogalamu 100. Zigubu zinayi zachitsulo za dizilo, za malita 20 chilichonse, ndi makilogalamu pafupifupi 80. Shiti imodzi ya plywood ya mamilimita 18 imalemera cha m'ma 30, ndipo makabati ndi bedi zimadya mashiti angapo. Batire ya mtovu ya 100Ah, 30 enanso. Onjezani tayala lachiwiri lapadera, jeke, fosholo, firiji, botolo la gasi, kanyumba kenikeniko, ndi anthu awiri akuluakulu. Pikapu zambiri za double cab zimaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo inuyo ndi okwera nawo muli momwemo. Tani imeneyi imatha musanaikemo bulangeti.

Ndiye kayezeni. Dzazani madzi, dzazani mafuta, pakirani zonse ngati mukunyamuka lero, aliyense akhale pampando wake, mupite pa sikelo ya magalimoto. Yezani katatu: matayala akutsogolo okha, galimoto yonse, kenako akumbuyo okha. Katatu chifukwa galimoto yonse ikhoza kukhala pansi pa GVM koma ekiselo yakumbuyo itapyola malire kalekale. Chilichonse cholendewera kumbuyo kwa matayala akumbuyo chimapanikiza ekiseloyo kuposa kulemera kwake kwenikweni, n'kumanyamula kutsogolo. Chiwongolero chimapepuka, ndipo bampu iliyonse imapinda chassis pamalo amodzimodziwo mpaka igonje. Madzi, mabatire ndi zida zolemera zikhale pansi, pakati pa ma ekiselo awiriwo. Osati padenga, osati pa bampala yakumbuyo.

Ena amati ndaika masipuling'i olimba, basi zatheka. Zatheka chiyani? Galimoto yangosiya kuoneka yokhala pansi, koma chassis ndi yomweyo, mabering'i ndi omwewo, mabuleki ndi omwewo. Mwabisa chizindikiro, katundu akadali pomwepo.

Pamchenga ndi pamene kusayeza kumalumira kwambiri. Kuti musatitimire mumachepetsa mpweya m'matayala, mwina mpaka cha m'ma 1.2 bar. Koma nambala ya m'mbali mwa tayala, monga 120 imene ikutanthauza makilogalamu 1,400, imagwira ntchito tayalalo likakhala ndi mpweya wokwanira. Mpweya ukachepa, mphamvu yonyamula imachepanso, m'mbali mumapindika n'kutentha. Galimoto yolemera mopyola imakusiyirani zosankha ziwiri zoipa: kutitimira kapena kuphulitsa tayala. Simungadziwe mpweya woyenera musakudziwa makilogalamu amene tayala lililonse lasenza.

Kaya ndi changu, kaya ndi kufuna zithunzi zokongola, ine sizikundikhudza. Sikelo kaye!

Mukachoka pa sikelo, kayesereni pafupi. Makilomita 50 a msewu wadothi wa timabampu tondondozana, pamalo pamene foni ikugwira. Imani, muike dzanja pafupi ndi ma shock mumve ngati atentha mopyola, mumange ndi sipanala bawuti iliyonse yogwira kanyumba ku chassis, muone ngati sikuluwu zayamba kutuluka m'matabwa. Zikatuluka, sinthani muike mabawuti odutsa mbali zonse, mawashala aakulu ndi manati a nyloc, amene samasuka okha ndi kugwedezeka. Gonanimo usiku umodzi pafupi pomwepo. Chipululu si malo oyesera ntchito imene sinayesedwepo kwina.

Komanso inu amene mumalowa m'chipululu ndi galimoto imodzi, osauza munthu njira yanu kapena tsiku lobwerera, opanda foni ya satellite, madzi akumwa a masiku awiri okha, mumaganiza kuti akakutsatani ndani? Anthu amasiya ntchito zawo, n'kuika magalimoto ndi miyoyo yawo pachiswe, kukafunafuna munthu amene sanauze aliyense kumene walowera.