Asiyeni anganga asimbe nthano momwe amayankhulira

Loweruka lapitali magetsi atathima tinakhala pakhonde kwathu ku Chinamwali. Mayi anga, omwe abwera kuchokera ku Jali kudzaona adzukulu, anali pamphasa ana atawazungulira. Anayamba monga ankachitira ife tili ana: "Ndagi!" Ana ziii. Ndine ndinayankha kuti "Gize!" ndipo mtima unandiwawa kuona kuti ana anga awiri, obadwira mu Zomba momwe muno, sadziwa poyankha ndagi.

Kenako nthano inayamba, ya Kalulu wokaba mtedza m'munda mwa Njovu. Inali itakoma ndithu. Mayi atangoti "siku limenelo Kalulu anakana sima ya mbwanda," mwana wanga wa Sitandade 5 anawadula pakamwa. "Anganga, si siku, ndi tsiku. Si sima, ndi nsima. Mukalemba choncho aphunzitsi amathetha." Mayi anangoti, "Chabwino, ophunzira ndinu." Nthano ija anaithamangitsa, nyimbo yapakati osaimba, n'kukagona.

Sindikumuda mwanayo, ndiponso sindikuwada aphunzitsi ake. Pamayeso pamafunika kalembedwe kamodzi, zimenezo ndikuvomereza. Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti mwana wazaka khumi waphunzira kale kuona chiyankhulo cha anganga ake ngati cholakwika.

Zinayamba kale izi. Mu 1968 chipani cha Kongeresi chinagamula kuti chiyankhulo chomwe chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha dziko lonse. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linkawongolera kalembedwe motsamira ku kayankhulidwe ka m'chigawo chapakati. Kuyambira pamenepo ife a kuno kummwera tinazolowera kumva kuti timaphotchola. Chonsecho Chinyanja cha ku Zomba chili ndi mbiri yake. Chakhalira limodzi ndi Chiyao ndi Chilomwe kwa zaka zoposa 100, m'misika ya Songani, Thondwe ndi Mayaka, m'maukwati, m'maliro. Mawu akuti achimwene ndi achemwali, omwe lero Malawi yense amawanena, tinawatenga kwa Ayao. Lero ku Zomba kuno tili ndi Centre for Language Studies ya University of Malawi, yomwe inalowa m'malo mwa bungwe lija mu 1996 ndipo ntchito yake ndi ziyankhulo zonse za m'dziko muno. Koma m'nyumba zathu manyazi aja sanachoke.

N'chifukwa chake ndikuti nthano tiisiye iyende ndi mawu akwawo. Mawu a pamudzi sungamuphunzitse mwana pomulembera mndandanda. Ukamuuza kuti mbwanda ndi nyemba, mtedza ndi nsawa, mawa waiwala. Koma akamva kuti Fisi anapsa mlomo ndi chigwada chotentha chifukwa cha dyera, aseka, afunsa kuti chigwada n'chiyani, anganga amuuza kuti ndi masamba a chinangwa osinja mumtondo, mawa akawaona okha akusinja. Mawu amenewo alowa ndi fungo lake lomwe. Nthano imabwerezabwereza, mwana amavomera "tili tonse" kambirimbiri, nyimbo amaimba nawo, ndiye mawu amakhazikika pa lilime asanadziwe n'komwe kuti akuphunzira.

Ndipo pali mawu ena omwe simungawapeze m'buku la kusukulu chifukwa zinthu zake zili kuno kokha. Pitani ku Kachulu mukamve asodzi a pa nyanja ya Chilwa akukamba za zimbowera, timisasa toyandama tomwe amagonamo pakati pa nyanja akamapha matemba ndi milamba. Nyanja imeneyi inaphwa mu 1995, ndipo madzi akathawa chotero anthu ambiri amabalalika kukasaka maganyu kwina. Mawu a pa nyanja amapita nawo, pokhapokha ngati mwana anawamva kale m'nthano ya anganga ake.

Makolo anzanga, tisamawongole anganga pamaso pa ana. Timuuze mwana momveka kuti kusukulu ulemba tsiku, kwa anganga ako ndi siku, ndipo zonsezo ndi zako. Mutu wa mwana umasunga Chingerezi ndi Chichewa nthawi imodzi, sungalephere kusunga Chichewa cha m'buku ndi Chinyanja cha ku Jali.

Lamulungu madzulo ndinamuitana mwana uja n'kumufotokozera zimenezi, kenako tinapita limodzi kukapempha mayi kuti aiyambirenso nthano ija. Anayamba akana, akuti mawu awo ndi achikale. Tinawanyengerera mpaka analola, ndipo ulendo uno nyimbo anaimba yonse, ana akuvomera. Ndaijambula pa foni. Abwerera ku Jali Lachitatu, ndiye ndawapempha kuti mawa usiku atisimbire ina, ya ku nyanja.